Zala Zisanu ndi Zitatu za Don Eliecer

Ku Dalcahue mvula sipempha chilolezo.
Imachokera kunyanja, yamvumbi,
n'kukhala pa malata sabata yathunthu.
M'shedi ya Don Eliecer Cárcamo
utuchi umanunkhira ngati mankhwala a chifuwa,
ndipo ine Yasna, mwana wa mlongo wake,
ndinabwera kudzaphunzira kudula thabwa molunjika.

Tsiku loyamba sanandigwiritse sowo.
Anangoyala dzanja lamanzere pa benchi:
chala chachikulu, cholozera, chapakati,
kenako mpata.
"Werenga," anatero. Ndinawerenga.
"Ziwirizo zinatsala pa boti la Barría,
chaka chimene ndinamanga chotchingira mano ndi waya
poti chinkandichedwetsa.
Ndinapulumutsa mphindi zitatu.
Mtengo wake ndi uwu."

Sowo yake ndi yozungulira, yonyamula m'manja,
chimbale cha mano makumi awiri ndi anayi
chosadziwa kusiyanitsa mkungudza ndi fupa.
Usanakhudze manowo, amati, zula pulagi,
uione ndi maso ako ili gone pansi.
Kukhulupirira switchi n'kubwereka tsoka.
Mano apyole thabwa pang'ono pokha,
kutalika kwa dzino limodzi basi,
enawo abisale.

Ndinamanga tsitsi kumbuyo,
ndinapinda manja a juzi yaubweya imene amayi anandilukira.
Magalasi kumaso, zotseka m'makutu,
chingwe chamagetsi kuseri kwa phewa
kuti chisadutse pomwe mano akulowera.
Matabwa akale, ochotsedwa pa nyumba zoima m'madzi,
tinkawasisita kaye ndi maginito:
msomali wadzimbiri umagona chete zaka makumi anayi
kudikira dzino limodzi.

"Manja onse pa sowo.
Thabwa ligwidwe ndi chopanira, osati ndi bondo lako.
Ilekerere iyambe yalira mokwana
isanalawe mtengo.
Ndipo usaime kumbuyo kwa mzere.
Mzerewo ndi msewu wake, pobwerera imadzera momwemo."
Izi ankazinena m'mawa uliwonse
mpaka ndinayamba kumuyankhira mumtima, mwachipongwe.

Lachinayi lina atapita kudoko kukalandira misomali,
ndinasanja thabwa lalitali pa mipando iwiri,
uku ndi uku, pakati pali lende,
n'kuyamba kudula pakatipo.
Mawu a sowo anasintha.
Thabwa linawerama, linaluma chimbale,
sowo n'kuponya theche ngati bulu,
kulumpha chambuyo, kudutsa pambali pa ntchafu yanga,
chotchingira n'kutseka kuti kha!
Ndinamva mphepo yake pa thalauzi.

Ndinali nditaima pambali.
Osati mwanzeru.
Miyendo ndiyo inamvera zomwe mutu unkanyoza.

Atabwera anaona bala pa thabwa,
anaona nkhope yanga, sanakalipe.
Anasuntha mpando umodzi, kuubweretsa pafupi ndi mzere,
kuti chidutswa chodulidwa chigwe chokha, momasuka.
"Thabwa likamatsekeka limaluma," anatero,
"lisiyire njira yotsegukira."
Anathira madzi otentha mu mate,
n'kundipatsa ndi dzanja la zala zitatu lija.
Chikho chinkagogoda mano anga.

Kenako anandibwezera sowo.
Tsiku lomwelo, manja akadanjenjemera.

Lero ndimadula ndekha matabwa a makoma a sukulu ya ku Tenaún.
Ndikafika kumapeto kwa mzere ndimachotsa chala pa switchi
n'kudikira.
Chimbale chimazungulirabe, chimang'ung'udza, chimafooka,
mpaka mano aoneke limodzilimodzi.
Apo m'pamene ndimaitula pansi.
Anyamata ogwira nawo ntchito amaseka,
ati Yasna amapempherera sowo.

Madzulo, tikamasesa utuchi, mvula ikadali pa malata,
malume amandiitana pakhomo, chipewa chili kale kumutu.
"Werenga."
Ndimakweza manja onse m'kuwala kwa babu.
Khumi.
Amagwedeza mutu, n'kuzimitsa magetsi
ndi chala chake chapakati.